Chete wa Teleza pa Foni

Germiston, Joni
12 Ogasiti 2007

Okondedwa amake Leah,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu, wa mwana wathu Leah, wa apongozi ndi onse a pamudzi kwa Kapichi. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwandisiyira kachifuwa, koma si kogoneka munthu.

M'chikwama chimene akupatseni a Dave a mabasi muli bulangete, nsapato za Leah, sopo ndi kabokosi kakang'ono. Kabokosiko musatsegulire pagulu. Muli foni. Inde, foni yanuyanu, inu Teleza wothyola tiyi, kuti akapitawo akakuonani nayo ayambe kukupatsani moni ndi manja awiri.

Makalata ndatopa nawo. Ndikalemba kuti kuno kukuzizira, pamene mukuwerenga n'kuti ine ndikutuluka thukuta. Mukandilembera kuti mbuzi yadwala, pamene ndikuyankha za mankhwala n'kuti chikopa chake mwayala kale pakhonde. Chino ndi chaka chachisanu tikulankhulana chonchi, ndipo ine mukundidziwa, kudikira si mbali yanga.

Tsono imvani malamulo ake, pakuti chinthu chilichonse chili ndi mwambo. Woimba ndizikhala ine, Lamulungu lililonse mukaweruka ku tchalitchi. Achimwene anga a Stafford akuti netiweki imagwira bwino pachulu chija cha pamphambano yopita ku fakitale, ndiye muzikaima pamenepo. Mukakhala ndi nkhani pakati pa sabata muzingoflasha, kutanthauza kuti muimbe, ikangolira n'kudula. Kamodzi ndiye kuti muli bwino, kawiri ndiye kuti ndiimbe. Lamulo lalikulu ndi ili: pa foni sapatsana moni wa kwathu uja woyambira kwa agogo mpaka kukathera kwa nkhuku. Mayunitsi amatha ngati madzi otungira m'dengu. Nkhani izikhala kutsogolo, moni tidzapatsana ndikadzabwera.

Nandolo musagulitse msanga kwa mavenda a pamsewu, dikirani mtengo ukwere. Malata amene tinagula aja akhalebe kwa apongozi mpaka nditatumiza ya misomali ndi ya mmisiri. Leah asamapite nanu m'tiyi Loweruka, mame a m'mawa amamuyambitsa chifuwa.

Kumene ndinkagona kuja ndinachokako. Ndili ku malo ena otchedwa Makause, kumene nyumba zake ndi malata pamwamba, malata m'mbali. Chifukwa chosamukira ndidzanena ndi pakamwa. Ntchito ndi yomwe ija, ya maluwa a gogo wachizungu uja, ndipo chaka chamawa ndithu mudzandiona ndikutsika minibasi pa boma.

Iyi mwina ndi kalata yanga yomaliza. Pensulo yanu ija mumupatse Leah azikalembera kusukulu.

Ndine amuna anu,
Fackson

Germiston
30 Sepitembala 2007

Okondedwa amake Leah,

Muli bwanji ndi mwana? Apongozi mwendo uja ukuwalola kuyenda? Ine chifuwa chija chinatha, kuno kwayamba kufunda.

Musaseke. Ndinati makalata atha, koma ndi ine ndemwe ndagwiranso cholembera. Walira mvula walira matope.

Lamulungu loyamba lija ndinagula mayunitsi oti tikambirane za denga. Inu munayamba ndi kufunsa mmene ndadzukira, ine n'kuyankha, inu n'kufunsa za chifuwa, kenako foni inayamba ulendo. Inapita kwa apongozi, kwa Leah, kwa mlongo wanga Keziya, kwa mayi wina amene mpaka lero sindikumudziwa koma anandiuza kuti ndinali mwana wabwino. Pofika kwa atsibweni anu a Peterson n'kuti kamayi ka m'foni kaja katandichenjeza kale kuti kwatsala pang'ono. Ndiye ndinangoti, "Apatseni amake Leah msanga." Ndamva kuti atsibweni anabweza foniyo ataigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, n'kunena kuti, "Mkamwini wa ku Joni safunsa za moyo wa anthu."

Mukawapepesere. Iwo ndiye eni mbumba, ine ndine wobwera pamudzi panupo, zimenezo sindinaiwale. Muwauze kuti si mwano, ndi mayunitsi. Ndawaikira chipewa m'katunduyu, akachikana musawakakamize, muwapatse a Stafford.

China chimene ndaona n'chakuti mawu athu amachedwa panjira. Ndikalankhula amatenga kanthawi kuti afike kwanuko, ine n'kuyesa simunamve, n'kubwereza. Nthawi yomweyo inu mwayamba kuyankha, mawu n'kugundana pakati ngati anthu awiri osenza madengu pa kanjira ka m'tiyi. Tonse n'kusiya. Tonse n'kuyambanso. Mapeto ake inu mumangokhala chete, ine n'kumamvera mphepo ndi ana akusewera kumbuyo kwanu. Chete ameneyo ndimamulipira, amake Leah. Ndikudziwa kuti ndinu munthu wotafuna mawu musanawatulutse, ndipo ndinakukonderani zomwezo, koma pa foni muziyankha msanga ngati mmene mumachitira pa sikelo yoyezera tiyi akaitana nambala yanu.

Mwati batire mukutchajitsa kwa a Elliot, kalaliki wa pa sikelo, poti kunyumba kwawo kuli magetsi a esiteti. Muwathokoze m'malo mwanga. Muwapemphenso akuphunzitseni kulemba meseji, imatchipa kuposa kuimba, ndipo imadikira munthu mpaka ataweruka. Ngati timabatani tikukuvutani, iwo akhoza kumakudinirani.

Ya misomali ndatumiza yochepa. Gogo uja wandichepetsera masiku a ntchito, ndipo buledi kuno wakweranso mtengo. Masiku otsalawo ndikumaima pamphambano ndi anzanga kudikira wofuna wotchetcha udzu. Galimoto ina ikaima timathamangira komweko, ina ikaima timathamangira kwina. Zimenezo ndi za kuno, musazitengere kumtima.

Moni kwa onse, ndipo uno ndi moni wautali, kuyambira kwa agogo mpaka kwa nkhuku. Papepala salipiritsa.

Ndine amuna anu,
Fackson

Germiston
9 Disembala 2007

Okondedwa amake Leah,

Ndikhulupirira kuti muli bwino, ngakhale ndikudziwa kuti mvula ikayamba chonchi tiyi amaphuka ngati wapenga, ndipo mukuweruka msana utauma. Leah wakhoza bwanji mayeso? Ine ndili bwino.

Pa Khirisimasi musandiphere nkhuku. Mapepala anga ali ndi kavuto. Kutuluka m'dziko muno n'kosavuta, kulowanso ndiye nkhani ina, ndipo sindingabwere denga lisanathe. Ndatumiza diresi la Leah, chitenje chanu, shuga ndi mafuta ophikira. Chitenjecho ndi chanu, musachipereke kwa apongozi ngati chija.

Mameseji akufika, koma ndikumawawerenga nditakweza nsidze. Lachiwiri munati, "Tili bho, gud nyt." Amake Leah, inu "bho" munayamba liti? Zaka zonse zimene tinakhala m'nyumba imodzi sindinakumveni mukutsanzika ngakhale mphaka m'Chingerezi. Ndikudziwa kuti mumanena ndinu, a Elliot n'kumadina, ndipo amene ndinayambitsa zimenezi ndine, koma mawuwo pofika kuno amakhala atavala tayi.

Ndinene zoona, ndawasowa makalata anu a pensulo aja. Anali ndi zofufuta, mizere yake inkatsetsereka ngati munda wa m'phiri, koma ndikamawerenga ndinkamva mawu anu. Munkandiuza kuti chiperoni chagwa masiku atatu zovala osauma, kuti Leah wagululuka dzino ndipo wakana kuliponya padenga, kuti mwaphika kalongonda n'kundikumbukira chifukwa ine ndinkalephera kudikira kuti apse. Lamulungu lapitali ndinawatulutsa onse m'chikwama n'kuwawerenganso. Meseji imangoti zonse zili bwino, ndipo munthu sungadziwe ngati wonenayo akumwetulira kapena akulira.

Lachinayi m'mamawa ndinaimba kunja kwa pangano lathu. Panalibe nkhani, ndinangokusowani. Anayankha ndi mwamuna, mawu ake a munthu wongodzuka kumene. Anati, "Mayiwa sanabwere kudzatenga, yagona pa chaja." Anayankha mwaulemu ndithu, anafunsanso za moyo wanga. Sindikunena kanthu. Ndangoti ndikuuzeni kuti ndinaimba.

Zoti foni inagwera m'tiyi wonyowa, ndipo tsopano ikumveka pokhapokha mukatsegula sipika yofuula ija, ndamva. Musadandaule, bola ikulankhula. Ndidzabwera ndi ina.

Chimanga cha kumunda musaiwale feteleza wachiwiri. Mukapeza mpata ndi pensulo, ndilembereniko ngakhale tsamba limodzi. A Dave amanyamuka ku Limbe pakatha sabata ziwiri zilizonse.

Ndine amuna anu,
Fackson

Germiston
16 Malichi 2008

Amake Leah,

Moyo wanu uli bwanji? Leah malungo aja anathereratu? Ine ndilipo.

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mopinda. Mwati nyumba yopanda mwamuna anthu amaiyesa njira. Mwati ndibwere ngakhale chimanjamanja, denga tidzamaliza tili awiri. Mawu amenewo ndi anu enieni, palibe wawaveka tayi. Koma taganizani, munthu kuchoka zaka zonsezi n'kutsika minibasi ndi jumbo m'manja? Atsibweni anu angaseke mpaka chipewa chija kugwa. Ndipatseni mpaka Ogasiti.

Za tsiku lija ndikufuna mumvetse. Munaimba nokha ndi mayunitsi anu, koyamba chiyambire, Leah ali ku chipatala pa boma, ine n'kungoti "Yebo, yebo," n'kudula. Mwalemba kuti munaganiza kuti ndinali ndi mkazi pambali. Ndinali m'tekisi, amake Leah. Masiku ano m'matekisi tasiya kulankhula Chichewa. Foni ikalira ndimayamba ndayang'ana amene ndakhala naye pampando, chifukwa pali ena akamva chilankhulo chachilendo amayamba kukufunsa mafunso oti uyankhe m'chinenero chawo. Nditatsika ndinaimba, koma n'kuti mutachoka kale pamene pamagwira netiweki. Inu simungaone kumene ndili, ndiye mtima umajambula zake. Sindikukudzudzulani.

Koma nanenso wanga ukujambula. A Dave pobweretsa kalata yanu tinakhala pansi ndi anyamata a kwathu, ndiye pakati pa nkhani anati, "Akulu, foni munagula ija imagona kwa akalaliki, imadzuka kwa akalaliki, kaya mwiniwake amagona kuti." Onse anaseka, nanenso ndinaseka, nanga n'kutani? A Dave ndi munthu wa pakamwa, zimenezo tonse tikudziwa. Komabe mawu akalowa m'khutu satulukira kwina.

Pa foni Lamulungu ndimafuna kukufunsani, koma mumayankha mwachidule, eya, ayi, zili bwino, ngati mukuyankha kapitawo. Ndikati ndiyambe nkhaniyo mawu amagundana, inu n'kusiya, ine n'kusiya, mayunitsi n'kutha tikukambirana za mbuzi.

Bwanji batire muzikatchajitsa ku golosale ya pa msika? Ndikudziwa kuti ndi kutali ndipo amalipiritsa, koma ndizitumiza yake.

A Stafford anditumizira uthenga kuti atsibweni akufuna kulankhula nane monga ankhoswe. Ndikudziwa chimene akufuna kufunsa, ndipo yankho lake ndi lomwe ndakupatsanili. Muwauze kuti sindine mtchona. Mtchona satumiza sopo.

Ndine amuna anu,
Fackson

Germiston
12 Meyi 2008

Amake Leah,

Ndikhulupirira kuti mwana ali bwino. Za moyo wanga sindikudziwa ngati mukufunanso kumva.

Ndikulemba kuti pasadzakhale wonena kuti netiweki inadula mawu, kapena kuti simunamve bwino. Dzulo ndinakufunsani funso limodzi. Sindinayambe ndi mbuzi kapena malata. Ndinati, "Teleza, ndiuzeni zoona, kodi mukundifunabe ine ngati mwamuna wanu?"

Ndinadikira. Ndinawerengera kuchedwa kwa mawu panjira, ndinaonjezerapo ndi kutafuna kwanu kuja. Ndinamva mphepo, ndinamva belu la njinga, ndinamva wina akutsokomola chapafupi. Ndinafunsanso kachiwiri, pang'onopang'ono, ngati ndikulankhula ndi mwana. Simunanene kanthu. Funso lotere munthu amene ali ndi yankho sachita kulifunafuna.

Ndiye ndinati, "Chabwino, ndamva. Ndakumasulani, khalani ndi kalaliki wanuyo." Pomwepo mayunitsi anatha, koma ngakhale akanakhalapo ndinalibe choonjezera.

Zandipweteka, amake Leah, sindibisa. Ndadya buledi wouma ndi madzi a shuga kuti inu mugone pansi pa malata. Ndathamangitsidwa ngati galu wakuba kuti Leah avale nsapato. Sindinapemphe zambiri, ndinapempha liwu limodzi lokha, ndipo linakukanikani.

Mawu ndinanena aja sindikuwabweza. Amene ali ndi chobweza ndinu. Lamulungu likubwerali musavutike kupita pachulu, sindiimba. Nanunso mulaweko mmene chete amakomera.

Ya fizi ya Leah ili m'envelopu yomweyi, chifukwa mwana alibe mlandu. A Dave akunyamuka mawa, akuti pofika Lachisanu akhala atakupatsani.

Fackson

Kumatenti, kufupi ndi Germiston
8 Juni 2008

Teleza mkazi wanga,

Ndili moyo. Ndayamba ndi zimenezo chifukwa mwina mwamva pa wailesi zimene zachitika kuno. Inu muli bwanji? Leah ali bwanji? Ndikufunsa ndi mtima wonse, ndipo ndikanakonda foni ikanazungulira mudzi wonse kuti ndimve aliyense, ngakhale mayi uja sindikumudziwa.

Gulu la anthu a kuno othamangitsa alendo linabwera Lamulungu lomwe ndinati sindiimba lija, dzuwa likuswa mtengo, akuimba nyimbo. Ndinatuluka ndi zovala za m'thupi basi. Nyumba ija kulibenso. Mnzanga Cuthbert, amene tinkaphikira mbaula imodzi, anabwerera kukatenga chikwama chake. Za iye ndisalembe. Tinagona kaye pabwalo la apolisi, tsopano atiika m'matenti, ndipo Juni wa kuno mukumudziwa kuchokera m'makalata anga akale.

Foni inatsala m'nyumbamo, pamodzi ndi makalata anu onse. Nambala yanu inali m'foni momwemo. Ine amene ndinakuphunzitsani malamulo a foni sindinaisunge pamtima, ndinkangodina pa dzina lanu. Mayi wina wa tchalitchi amene amatibweretsera supu anandibwereka yake kuti ndiimbe kwathu. Ndinaigwira, ndinaiyang'ana, n'kumubwezera. A Dave sindikuwaona, akuti aimika kaye maulendo.

Teleza, Lachiwiri lija, patangopita masiku awiri chinenereni mawu aja, munaflasha kawiri. Ndinaiona foni ikuwala pa kapinga ndikuthirira maluwa, ine n'kuti adikire. Lachisanu munaflashanso kawiri, ndiye kuti mwina kalata ija inali itafika. Mayunitsi ndinali nawo. Ndinati ndiimba Lolemba, mukhale mutamva kuwawa pang'ono. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza kutsogolo. Ine ndasiya mlomo ndi kalata yomwe.

Mawu aja ndikuwabweza onse. Kalata ija ing'ambeni, isaonedwe ndi munthu. Za a Elliot ndilibe umboni uliwonse kupatula pakamwa pa a Dave ndi mtima wanga wopupuluma. Chimene chinakutsekani pakamwa tsiku lija sindikuchidziwa, koma ndinayenera kufunsa m'malo moweruza. Pepani. Ndilibe mkazi wina, sindinakhalepo naye, ndipo sindikufuna wina.

Kunabwera mabasi otengera anthu kumudzi ulere. Ndinaima pamzere mpaka ndinafika pafupi ndi chitseko, kenako ndinadziyang'ana: nsapato zopatsidwa, bulangete lachithandizo, m'thumba mulibe ndi ya minibasi yomwe yochokera ku Limbe. Ndinapatuka. Mwina mudzati ndalakwitsanso. Gogo uja wati ndibwerere ku ntchito, ndizigona m'kachipinda ka zida kuseri kwa nyumba yake. Ndigwireko miyezi ingapo kuti ndibwere ngati munthu.

Kalatayi ndapatsira bambo wina wa ku Mzimba amene akukwera basi ya mawa. Walonjeza kuti akaiponya pa positi ku Blantyre. Kuseri kwa pepalali ndalemba keyala ya gogo. Ndilembereni, kapena nditumizireni nambala yokha, ndiimba tsiku lomwelo. Muwauze atsibweni ndi a Stafford kuti ndikupempha asachite kanthu ndisanabwere.

Ndine amuna anu ndithu,
Fackson

Germiston
2 Novembala 2008

Kwa amake Leah,

Ndikufunsa za moyo wanu, wa Leah, wa amayi anu ndi wa atsibweni a Peterson. Ine thupi lili bwino.

Keziya wandilembera. Kalata yake ndi yaitali, ndipo mlongo wanga mukumudziwa, sanandisiyire pobisala. Wati kalata yanga ya kumatenti yafika mwezi wathawu. Bambo wa ku Mzimba uja anaiwala kuiponya ku Blantyre, anapita nayo kwawo m'thumba la jekete, ndipo anaipeza ndi akazi awo pochapa. Sindikuwada. Ya mkwiyo ija ndinaipatsa munthu wodziwa khomo lanu, inafika masiku anayi. Ya kupepesa ndinaipatsa mlendo.

Wandiuza kuti mutamva za kuno pa wailesi munkapita pachulu tsiku ndi tsiku kuimba nambala yanga ndi mayunitsi ogula ndi ndalama za tiyi, mpaka tsiku lina anayankha mkazi wa chilankhulo cha kuno, akuseka. Foniyo n'kuti ili m'manja mwa amene anaitola. Koma inu mukanadziwa bwanji? Mabasi anabwera ndi anthu, munapita ku boma kukafunsa, ena anati anandiona pamzere ndili wamoyo koma ndinakana kukwera. Munthu wamoyo, wosaimba, wosabwera, amene ananena ndi pakamwa n'kubwerezanso papepala kuti wakumasulani. Ankhoswe atakhala pansi kuthetsa ukwati wathu mu Ogasiti, mwezi womwe ndinalonjeza uja, a Stafford analibe chondiikira kumbuyo. Keziya wati anangowerama n'kuti, "Ndinamva ndekha."

Zimenezo ndiye sindinkazidziwa. Sindinadziwe kuti Lamulungu lija pachulu simunali nokha. Atsibweni ndi a Stafford anabwera nanu kuti andifunse tsiku lobwera, Keziya naye analipo, ndipo anaima pambali panu kudikira kuti tithe kaye moni. Ine moni sindinapereke. Za sipika yofuula ija munandiuza kale, ine ndemwe ndinati bola ikulankhula, koma tsiku limenelo sindinaikumbukire. Wotsokomola uja anali atsibweni, kundidziwitsa kuti alipo.

Ndiye ndinakufunsani funso la kuchipinda pamaso pa atsibweni anu ndi alamu anu. Mkazi woleredwa kwathu kuja anganene bwanji kuti "ndikukufunani" akuluakulu ali chilili pomwepo? Keziya walemba kuti, "Achimwene, alamu anayankha. Anayang'ana pansi n'kugwedeza mutu kuvomera. Mutafunsa kachiwiri anagwedezanso mwamphamvu mpaka duku linamasuka, misozi ili mbwembwembwe, foni ataigwira ndi manja awiri. Tonse tinaona. Amene simunaone ndinu nokha."

Ndawerenga pamenepo kambirimbiri. Ndinakhala nanu zaka zonse zija, ndikudziwa mmene mumavomerera chinthu chachikulu. Tsiku limene ankhoswe anakufunsani ngati mukundilola, simunatulutse mawu, ndipo ine ndinabwerera kwathu ndikuvina. Ndinaiwala bwanji?

Za a Elliot wandiuzanso, kuti anakwatira mu Julayi chibwenzi chawo cha kwawo ku Ntcheu, ndipo inu munali m'gulu la ophika. Wati dzina lawo linaipa pa esiteti chifukwa cha mawu anga, poti pamphambano sipakhala chinsinsi. Ndawalembera padera kuwapepesa.

Ndamvanso za a Benard a ku Chimaliro, olima nthochi aja amene akazi awo anamwalira, kuti anatumiza ankhoswe awo ndipo mwalola. Ndinkawadziwa, tinkaimbira limodzi kwaya tili anyamata. Ndi munthu wofatsa, ndipo akafunsa funso amakhala pomwepo kuyang'ana nkhope ya munthu. Sindibwera kudzasokoneza. Keziya wati kalata yanga ya kumatenti munaiwerenga nokha kuseri kwa nyumba, pang'onopang'ono monga mwa nthawi zonse, n'kuipinda, n'kunena kuti, "Ikanafika nandolo asanaume." Ndamva. Madzi akatayika sawoleka.

Malata ndi anu, mumalize denga mvula isanalimbe. Mbuzi zikhale za Leah. Fizi ndizitumiza kudzera kwa Keziya, ndipo ngati atsibweni angalole, ndikufuna ndizimulembera mwanayo makalata, iye azindiyankha akapeza nthawi. Musamuuze kuti bambo ake anali munthu woipa. Mumuuze kuti anali wopupuluma, zimenezo ndi zoona.

Funso lija sindifunsanso, si langanso kufunsa, ndipo kalata ino musavutike kuiyankha. Ndangofuna mudziwe kuti yankho lanu lafika. Lafika Lachitatu lapitali, ndili chogwada m'maluwa a eni, ndipo ndalimva, Teleza.

Ndine bambo a Leah,
Fackson